Kagulugufe ka M'udzu ndi Moto wa Chilimwe

Mwana wa sukulu akauzidwa kuti ajambule gulugufe, amatenga choko cha mitundumitundu najambula mapiko aakulu, achikasu kapena ofiira, okhala ndi maŵanga ngati chitenje cha pa ukwati. Sitingamunene mwanayo, pakuti agulugufe otere ndiwo amene maso a ife tonse amathamangira. Koma m'udzu umene timadutsamo popita ku munda, ku chitsime kapena ku tchalitchi muli agulugufe ena ambiri amene palibe aŵajambula. Ndi aang'ono, oderako ngati dothi la pa chulu, ndipo akamauluka amachita ngati mwala wochokera m'legeni: mwaona kali apa, kuphethira kamodzi kali uko. Ambiri a ife timangoti ndi kadziotche amene wasokera usana. Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za kamodzi mwa tiagulugufe timeneti, chifukwa moyo wake wonse uli pa tsamba la udzu, ndipo udzuwo uli m'manja mwa ife amene timayenda ndi machesi m'thumba.

Pa Chicheŵa onse timangoti agulugufe. Angerezi amatcha banja la tiagulugufe tofulumirati dzina lakuti skipper, ndiko kunena kuti wolumphalumpha, ndipo akatswiri a sayansi amalitcha Hesperiidae. Banjali nlalikulu ndithu: pa dziko lonse lapansi pali mitundu yake yoposa 3,500. Kathu kamene tasankha kamatchedwa Pelopidas mathias. Kamakonda malo a udzu, m'mphepete mwa madambo, m'minda, ndi m'nkhalango zotseguka za miombo mmene dzuŵa limafika pansi nkumeretsa udzu pakati pa mitengo. M'nkhalango yoŵirira ya mdima simuli kwao.

Amene anayamba kukalemba m'mabuku ndi Johan Christian Fabricius wa ku Denmark, wophunzira wa Carl Linnaeus uja amene anayambitsa mwambo wopatsa chamoyo chiri chonse maina aŵiri a Chilatini. Fabricius anakalemba m'chaka cha 1798, ndipo kamene iye anaona kanachokera ku Tranquebar, doko la kum'mwera kwa India limene masiku amenewo linali m'manja mwa anthu a ku Denmark. Dzina loyambalo, Pelopidas, linabwera pambuyo pake, mu 1870, kuchokera kwa Francis Walker wa ku Mangalande. Pelopidas anali mkulu wa ankhondo wa mzinda wa Thebes ku Greece, amene anafera ku nkhondo m'chaka cha 364 Khristu asanabadwe. Dzina lolemera chotere kwa kanthu kotha kubisala kuseri kwa chala chachikulu! Komabe ulendo wake si wamaseŵera. Kagulugufe kameneka kamapezeka m'maiko ambiri a mu Afrika kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ku Arabia, ku India, mpaka ku China, ku Philippines ndi ku Japan. Mwana wopirikitsa mbalame m'munda wa mpunga ku Karonga ndi mnzake wa ku Japan amaona kanthu kamodzimodzi kakutera pa tsamba. Kuno kwathu, munthu wofuna kudziŵa agulugufe a dziko lino ali ndi poyambira, pakuti mu 1965 bungwe la Society of Malawi linasindikiza ku Blantyre buku la David Gifford la agulugufe a m'Malaŵi, ndipo lero mitundu yodziŵika m'dziko muno ndi yoposa 400.

Mmene tingakazindikirire

Mapiko ake akatambasuka amakwana pakati pa masentimita 3 ndi 4. Pamwamba ndi oderako, ndipo mapiko akutsogolo ali ndi timadontho toŵerengeka toonekera ngati galasi. Kunsi kwa mapiko akumbuyo nkotumbuluka, kopita kobiriŵira pang'ono, ndi timadontho tina tating'ono toyera tondandalika mokhota. Thupi lake nlonenepa poyerekeza ndi mapiko, mutu ngwaukulu, maso ngotuzuka. M'chifuŵa chonenepacho ndimo muli minofu imene imakupiza mapiko mofulumira koposa, nchifukwa chake diso limalephera kukatsata. Makolo anati ukaipa dziŵa nyimbo. Aka kanamanidwa utoto, koma pa liŵiro agulugufe okongola aja sangakapeze.

Tsono tingadziŵe bwanji kuti si kadziotche? Yang'anani tinyanga ta pamutu. Ta akadziotche ambiri timakhala ngati ulusi kapena ngati nthenga ya nkhuku. Ta agulugufe wamba tiri ndi kamutu ku nsonga ngati kachibonga. Ta kagulugufe kathuka tiri ndi kamutu komweko, koma kupitirira pamenepo pali kansonga kopindika ngati mbedza. Chizindikiro china ndi kakhalidwe kake. Kakamaothera dzuŵa la m'maŵa, mapiko akumbuyo kamaŵayala pansi, akutsogolo nkuŵaimika pang'ono, kotero kuti kamaoneka ngati ndege ya nkhondo imene yatera pa bwalo. Munthu akaona kaimidwe kameneka kamodzi sadzakaiŵalanso. Ana a maso akuthwa angathenso kuŵerenga miyendo: aka kamaima ndi miyendo yonse isanu ndi umodzi, pamene agulugufe ena ambiri akuluakulu amaima ndi inai yokha, iŵiri yakutsogolo itafupika nkupindika pa chifuŵa.

Kamphongo kali ndi kamzere kopyapyala kopingasa pa phiko lakutsogolo, konga mphini imene agogo athu ankatema pa tsaya. Pamenepo pali mamba apadera otulutsa fungo limene kamakopa nalo kakakazi. Kakakazi kalibe mphiniyo. Pali mbale wake, Pelopidas thrax, amene mphini yake njoyererapo, ndiponso abale ena a mtundu wa Borbo amene amafanana nako kwambiri. Ngakhale akatswiri amayamba agwira ndi kupenyetsetsa asanatchule dzina. Chotero mwana akasokoneza aŵa musamdzudzule. Moyo wao ngofanana m'zambiri, ndipo zimene tinene pano zikhudza onsewo.

Kamphongo nkandeu. Kamasankha tsamba limodzi kapena nsonga ya udzu pamalo poŵala dzuŵa, nkukhala pamenepo ngati mlonda wa pa chipata. Chikadutsa chiri chonse chouluka, kaya ndi mnzake, kaya ndi gulugufe wamkulu kuposa iko kaŵiri, kamachithamangira, kuzungulira nacho m'mwamba, kenaka nkubwerera pa tsamba lomwe lija. Chimene kakudikira kwenikweni ndi kakakazi. Chakudya chake ndi timadzi totsekemera ta m'maluŵa, timene kamayamwa ndi kamlomo kautali kopindika ngati nkhata. Mudzakapeza pa maluŵa a chisoso, pa maluŵa a lantana a m'mipanda, ndi pa tizitsamba tina ta m'mbali mwa njira, makamaka mvula ikamapita kumapeto, kuyambira Febuluwale mpaka Meyi. A m'banja limeneli amateranso pa zitosi za mbalame. Zikakhala zouma amazinyoŵetsa ndi kadontho kochokera m'thupi mwao, nayamwa mchere umene wasungunukamo.

Nyumba yosokedwa ndi ulusi

Kakakazi kakafuna kuikira mazira sikatera pa tsamba liri lonse. Agulugufe amalaŵa ndi mapazi, ndipo iko kamagogoda tsamba ndi miyendo yakutsogolo kuti kamve ngati ndi chakudya choyenera ana ake. Ana akewo sadya china koma zomera za banja la udzu: nansongole ndi maudzu ena a m'tchire, komanso mpunga, mapira, nzimbe ndi chimanga, pakuti mbeu zimenezi nazonso ndi maudzu amene anthu anazoloŵera kulima. Kamaikira dzira limodzi pa tsamba, nkuuluka, nkukaikira lina kwina. Dziralo nloyera, lobulungira pamwamba ndi lophwatalala pansi, laling'ono ngati kamutu ka phini. Sabata isanathe, mumatuluka kambozi.

Mboziyi ndiyo yatichititsa kulemba nkhani ino, pakuti ntchito yake njodabwitsa kuposa ya kholo lake. Njobiriŵira ngati tsamba lomwelo, yosalala, yopanda ubweya woyabwa, ndipo ili ndi mutu waukulu ndi khosi lopyapyala, ngati mwana amene wavala chipeŵa cha atate ake. Ikakula, m'mbali mwa mutuwo mumaoneka timizere tofiirira. Ingobadwa, imayamba kumanga. Kunsi kwa kamwa lake kuli kachiŵalo kotulutsa ulusi. Imamata ulusiwo m'mphepete mwa tsamba, nkutembenuza mutu kukamata m'mphepete mwinamo, uku ndi uku, kambirimbiri, mpaka patakhala kachingwe. Ulusi umenewu ukamauma umafupika, ndipo pofupikapo umakoka mbali ziŵiri za tsamba kuti zikumane. Mboziyo imasunthira patsogolo pang'ono nkusokanso, kufikira tsamba litasanduka kapaipi. Ilibe singano, ilibe mphunzitsi, amake sinaŵaonepo, koma msoko wake ngolongosoka kuposa wa ana athu a Sitandade 5 pa phunziro la zosoka.

M'kapaipi mmenemo ndimo imagona usana wonse, pamene mbalame ziri kusaka. Kukada imatuluka nkukadya m'mphepete mwa tsamba lomwelo kapena loyandikana nalo, kudya kuchokera kunja kuloŵa m'kati mpaka kusiya msempha wapakati wokha. Kukamacha yabwerera kale m'nyumba. Ikamakula imafundula khungu kanai kapena kasanu, ndipo nyumba ikachepa imasamuka nkukasoka ina yokulirapo. Munthu wodziŵa kuyang'ana angathe kuŵerenga mbiri yonse ya mbozi imodzi pa phata limodzi la udzu: apa kanyumba koyamba kosakwana chikhadabo, apo kachiŵiri, uko kachitatu kotalika ngati chala.

Mukatsegula nyumbayo mudzapeza chinthu china chachilendo: mulibe zitosi. Mbozi zambiri za m'banja limeneli ziri ndi kachiŵalo konga chipeso kumbuyo kwao, kamene zimaponyera chitosi kutali ngati mwana woponya nthanga ndi chala. Kwa nthaŵi yaitali anthu ankaganiza kuti umenewu ndi ukhondo chabe wopeŵa matenda. Mu 2003 mai wina wa sayansi, Martha Weiss wa pa yunivesite ya Georgetown ku America, anafalitsa zimene anapeza pa mbale wina wa kagulugufe kathuka wa ku dziko limenelo, wotchedwa Epargyreus clarus. Anaona kuti mbozi yake imatha kuponya chitosi kupitirira mita imodzi, ndipo anasonyeza kuti mavu odya mbozi amatsata fungo la zitosi; mbozi zimene zitosi zinaikidwa pafupi nazo ndizo zinkagwidwa msanga. Kusesa pakhomo kwa mbozi, tsono, ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Pakapita masabata atatu kapena anai mboziyo imaleka kudya. Imadzimangirira pa tsamba ndi ulusi, ku mchira ndi m'chiuno, nkufundula komaliza. Chotsalacho ndi kanthu kobiriŵira, kosongoka kumutu, kosadya ndi kosayenda, kamene ambiri timati chikwa. M'kati mwake thupi la mbozi limasungunuka nkuumbikanso. Patapita sabata imodzi kapena masiku khumi chikwacho chimang'ambika, nkutuluka kagulugufe. Kumalo otentha ngati ku nyanja ndi ku chigwa cha Shire ulendo wonsewu, kuyambira dzira, umangotenga mwezi umodzi ndi masiku oŵerengeka; kumalo ozizira umachedwerapo. Chotero m'chaka chimodzi mumabadwa mibadwo ingapo.

Kodi ndi mdani wa mlimi?

Alimi a mpunga a ku Hara ndi Wovwe ku Karonga, a ku Limphasa, a ku Bua, ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ali ndi chifukwa chofunsira funso limeneli, popeza tanena kuti mboziyi imadya masamba a mpunga. Nzoona, imadya. Bungwe lalikulu lofufuza za mpunga la IRRI, limene linakhazikitsidwa mu 1960 ku Los Baños m'dziko la Philippines, limaiŵerengera pakati pa tizilombo ta mpunga, koma m'gulu la tizilombo tosaopsa kwenikweni. Zifukwa zake nziŵiri. Choyamba, mpunga usanayambe kubereka umatha kuphuka masamba ena m'malo mwa odyedwawo, ndipo zokolola sizitsika chifukwa cha masamba oŵerengeka. Chachiŵiri, mboziyi ili ndi adani ochuluka kotero kuti mwa mazira ambiri amene kakakazi kamaikira, ochepa okha ndiwo amafika pouluka. Pali timavu tating'onoting'ono timene timaikira mazira ao m'kati mwa dzira lake, pali timavu tina ndi ntchentche zina zimene zimaikira m'thupi la mboziyo, pali akangaude, achiswamphika, abuluzi ndi mbalame.

Adani ameneŵa ndiwo antchito a mlimi osalipidwa, ndipo mankhwala opopera sasankha. Dziko la Indonesia linaphunzira zimenezi moŵaŵa. Kumeneko alimi ankapopera mpunga kaŵirikaŵiri, akangaude ndi timavu nkutha. Pamenepo kachilombo kena koyamwa madzi a m'phesi la mpunga, kamene kale sikankavuta, kanaswana mopanda choletsa nkuumitsa minda yambiri. Mu 1986 Pulezidenti Suharto analetsa mitundu 57 ya mankhwala kuti isapoperedwenso pa mpunga, ndipo boma linayamba kuphunzitsa alimi kuyendera minda yao ndi kuzindikira tizilombo asanagwire mpope.

Kuno kwathu mantha a mbozi anakula kuyambira pamene ntchembere zandonda zachilendo zija, zochokera ku America, zinafika mu Afrika mu 2016. Mu Disembala 2017 boma la Malaŵi linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'tsoka chifukwa cha mbozizo. Munthu amene anaona chimanga chake chitadyedwa chaka chimenecho sitingamdabwe akamapha mbozi iri yonse imene waiona. Komatu kusiyanitsa nkosavuta. Ntchembere zandonda nzoderako, ziri ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi timadontho tinai takuda kumchira, zimaloŵa m'kati mwa nsonga ya chimanga mmene mumatulukira masamba atsopano, ndipo zimasiya zitosi zambiri zonga utuchi. Mbozi ya kagulugufe kathu njobiriŵira, imakhala yokha m'tsamba losokedwa, ndipo pakhomo pake mposesa. Mukaipeza pa mbeu zanu nimuona kuti yachuluka, kuitola ndi manja nkokwanira. Ngati mukukayika, tengani tsambalo mukaonetse alangizi a zaulimi musanaononge ndalama pa botolo la mankhwala.

Moto

Tsopano tifike pa chimene chatidetsa nkhaŵa. Mboziyi sidya udzu wouma. Mvula ikatha, tsekera akauma m'mapiri ndi m'minda, mbadwo wa kagulugufeka umapitirira kokha kumene kwatsala udzu wauŵisi: m'madambo, m'mbali mwa mitsinje ndi makhwaŵa, m'mphepete mwa madimba, ndi m'mithunzi ya mitengo. Malo ameneŵa ali ngati nkhokwe ya mbeu. Mvula ikabweranso, tiagulugufe tochokera mmenemo ndito timabalalika nkudzazanso dziko.

Moto ukabwera, kagulugufe kamapiko kangathe kuthaŵa, ngakhale kuti anthengu amakhala ali tcheru pamwamba pa utsi kudikira zothaŵazo. Koma dzira silithaŵa, chikwa nchomangirira pa tsamba, ndipo mbozi imene nzeru yake yonse ndi kubisala m'nyumba imapsera momwemo. Chimene chimaipulumutsa kwa mbalame ndicho chimaipereka ku moto.

Pano tiyenera kunena mosamala, pakuti moto si wofanana wonse. Moto wa mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, woyatsidwa madzulo mphepo itagona, umayenda pang'onopang'ono, umadumpha malo ena, ndipo ukafika pa chinyezi cha dambo kapena mame a usiku umazima wokha. Umasiya zilumba za udzu mmene tizilombo timapulumukira. Moto wa mu Sepitembala ndi Okotobala, dzuŵa liri pamutu ndi mphepo ikuomba, sudziŵa malire. Umaloŵa m'dambo, umatsika m'khwaŵa, umakwera m'mitengo, ndipo m'maŵa mwake lupsa limayambira pa mudzi mpaka ku phiri. Kusiyana kumeneku kunayesedwa ndithu. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, a zankhalango anapatula zigawo za nkhalango ya miombo kuyambira mu 1933: zina ankazitentha msanga chaka ndi chaka, zina ankazitentha mochedwa, zina osazitentha konse. Colin Trapnell atalemba zotsatira zake mu 1959, zinaoneka kuti kumene kunkatenthedwa mochedwa mitengo ya miombo inali itatha pafupifupi yonse, pamene kotenthedwa msanga nkhalango inali chiimire, yosasiyana kwambiri ndi yosatenthedwa ija. Ngati moto wa Okotobala ugwetsa mtengo wa mombo, nanga kambozi ka m'tsamba?

Sitikunena kuti udzu uzingosiyidwa osakhudzidwa. Malo a udzu akapanda kudyedwa ndi ziŵeto kapena kutenthedwa pa nthaŵi yake amasanduka zitsamba zoŵirira, ndipo tiagulugufe ta m'udzu timasoŵanso pokhala. Za ichi umboni uli ku Mangalande, kumene kuli mbale wina wa banja lomweli wotchedwa Hesperia comma. Iyeyu amaikira mazira pa udzu waufupi wa m'zitunda, umene akalulu a kumeneko ankaudya nkumausunga waufupi. Mu 1953 kunagwa nthenda imene inapha akalulu ochuluka zedi. Udzu unatalika, nthaka inazizira, ndipo kagulugufeko kanayamba kutha, kotero kuti mu 1982 kanatsala pa malo 68 okha. Akalulu atachulukanso, anthu nayambanso kudyetsa nkhosa ndi ng'ombe m'zitundamo mwadala, pofika 2000 malowo anali atapitirira 250. Kumeneko vuto linali udzu wosadyedwa, kwathu kuno ndi udzu wopsa wonse tsiku limodzi. Koma konsekonse chimene kanthu aka kamafuna ndi dziko la maŵangamaŵanga, pena pafupi, pena patali, pena popsa, pena posapsa.

Nanga moto wa Okotobala uja amayatsa ndani? Tonse tikudziŵa. Pena ndi mbusa wofuna msipu, pena ndi munthu wotaya ndudu, pena ndi wososa m'munda amene moto wampulumuka. Koma kaŵirikaŵiri ndi anyamata osaka mbeŵa, amene amatentha tchire kuti mauna aonekere. Pamenepa ife makolo tisafulumire kuloza chala, pakuti mbeŵazo zikafika pakhomo sitifunsa kuti zagwidwa bwanji. Timangofunsa ngati mchere ulipo. Mbeŵa ndi ndiwo zabwino, ndipo kwa mabanja ena amene amagulitsa m'mbali mwa mseu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre ndizo zimagula sopo ndi makope. Palibe akuti zilekeke. Koma kukumba ndi khasu kulipo, diŵa lilipo, misampha ilipo, ndipo kutentha kagawo kamodzi kolambulidwa m'mbali nkosiyana ndi kuyatsa dambo lonse nkuthaŵa. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, koma madambo ambiri ali m'manja mwa mafumu ndi anthu ao, ndipo kumeneko lamulo lenileni ndi mau a anyakwaŵa ndi a makolo.

Tisanamizane: palibe adzalemere kapena kusauka chifukwa cha kagulugufe kamodzi koderako. Kamathandizako kunyamula ufa wa maluŵa, ndipo mbozi zake zimadyetsa ana a mbalame, koma mudzi sungachite msonkhano chifukwa cha zimenezo. Chimene tikuona ife nchakuti moto umene umapha iko ndi womwewo umene umatentha udzu wofolera nyumba amai asanamwete, umene umasiya ng'ombe zikunyambita phulusa mwezi wathunthu mvula isanagwe, umene umapha mitengo yaing'ono ndi kuvula nthaka kuti mvula yoyamba iikokolole, ndipo chaka china umafika pa nkhokwe kapena ku manda. Dambo limene mu Malichi muli tiagulugufe tambiri tothamangitsana ndi dambo limene chilimwe chathachi linasamalidwa. Mudzi ukagwirizana mu Meyi kuti amai ayambe amweta, kuti m'mbali mwa mtsinje ndi mozungulira nkhalango ya mudzi mulambulidwe njira yotchinga moto, ndi kuti kotentha kutenthedwe msanga, madzulo, akuluakulu alipo ndi nthambi zaziŵisi m'manja, zonsezi zimapulumukira pamodzi.

Kwa achinyamata ndi aphunzitsi

Amene afuna kuona ndi maso zimene talembazi safunika ndalama. M'miyezi ya mvula pitani m'mbali mwa dambo kapena mwa munda wa mpunga, mutapempha eni ake, ndipo yang'anani tsamba lodyedwa m'mphepete limene mbali ina lapindika ngati kapaipi. Musaling'ambe. Dulani phesi lonse, muliike m'botolo lalikulu la galasi kapena m'chitini choyera, tsinde lake litakulungidwa ndi kansalu konyoŵa, ndipo pakamwa pa botolo mumange kansalu kopyapyala kuti mpweya uziloŵa. Botololo likhale pa mthunzi, patali ndi nyerere. Kuliika m'mbale ya madzi kumathandiza. Tsiku liri lonse muikemo masamba atsopano a udzu wa mtundu womwewo umene munaipezapo, pafupi ndi tsamba lakale, ndipo mboziyo idzasamuka yokha usiku. Chotsani zitosi za pansi. M'kope lembani tsiku limene munaipeza, utali wake, tsiku limene yaleka kudya, ndi tsiku limene yasanduka chikwa. Chikwacho musachigwire. Chikayamba kuda, dziŵani kuti kwatsala tsiku limodzi kapena aŵiri, ndipo muikemo kamtengo koti kagulugufe kadzakwerepo. Kamatuluka mapiko ali ofota ndi onyoŵa. Kamaŵapopa ndi madzi a m'thupi mwake mpaka atatambasuka, ndipo pakapita ola limodzi kapena aŵiri kali kokonzeka. Yang'anani ngati kali ndi mphini pa phiko, mulembe, kenaka mukakatulutsire kumene munakatenga.

Nthaŵi zina simudzatuluka gulugufe. Mudzapeza mbozi yafooka, ndipo pambali pake pali timakwa toyera tating'ono ngati njere za mpunga. Amenewo ndi ana a timavu tija, amene anakulira m'thupi mwake. Ana ena amalira poona zimenezi, ena amafuna kutaya botolo lonse. Musataye. Lembaninso tsikulo m'kope, muŵerenge timakwato, ndipo tsambalo mukalipachike m'munda wa mpunga kapena wa chimanga, kuti timavuto tikatuluka tikapeze ntchito pafupi.